Kodi faiba angathandize mtima ndi shuga wa munthu wonenepa? Yankho kwa mayi amene wandilembera

Mayi wina wa zaka 47 wanditumizira imelo, ndipo ndiifupikitsa. Thupi lawo lakula m'zaka zapitazi, makamaka pamimba. Atakayezetsa magazi, adokotala anawauza kuti kolesitolo (mtundu wa mafuta a m'magazi) wakwera ndipo shuga ali pamalire: sanafike potchedwa matenda, koma akulowera komweko. Anawapatsa mapiritsi a kolesitolo n'kuwalangiza kuti azidya faiba wambiri. Iwo anayamba mwamphamvu, nyemba mbale yodzaza masana ndi madzulo. Mimba inafufuma, mpweya unawasowetsa mtendere, sikelo osasuntha. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi faiba ameneyu amagwiradi ntchito? Ndigule ufa wa faiba umene ndikuuona pa intaneti? Nanga akayamba kugwira, ndingasiye mapiritsi?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira ndi nkhani ya thupi lanu. Ndiyambe ndi chimene chandikhudza m'kalata yanu: mukuyeza ntchito ya faiba pa sikelo, pamene ntchito yake yaikulu imachitika m'magazi. Ndikuopa kuti mungasiye chinthu chimene chikukuthandizani chifukwa choti mukuyang'ana polakwika.

Faiba ndi mbali ya zakudya zochokera ku zomera imene mimba yathu siitha kuigaya. Amapezeka mu gaga wa tirigu ndi wa mpunga, m'makoko a nyemba, m'khungu ndi m'minofu ya zipatso, m'masamba ndi mu mtedza. Mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka mulibe ngakhale pang'ono. Faiba wina sasungunuka m'madzi, ndipo amakulitsa chimbudzi n'kuthandiza kuti musadzimbidwe. Wina amasungunuka n'kusanduka chinthu choterera, chonanda. Phikani oats, muwasiye azizire m'mbale, kenako mutukule supuni: mudzaona kuti phalalo likutamuka ndi kumatirira. Kutamukako ndi faiba wotchedwa beta-glucan, amene amapezekanso mu balere, ndipo kwa inu ameneyu ndi wofunika kwambiri.

Chiwindi chimapanga ndulu pogwiritsa ntchito kolesitolo, n'kuitumiza m'matumbo kuti ikathandize kugaya mafuta. Thupi silikonda kutaya ndulu. Ikamaliza ntchito, pafupifupi yonse imayamwidwanso kumapeto kwa matumbo aang'ono n'kubwerera kuchiwindi. Koma m'matumbo mukakhala faiba wonandayu, amakola ina mwa nduluyo n'kutuluka nayo m'chimbudzi. Chiwindi chikaona kuti ndulu yaperewera chimapanga ina, ndipo kolesitolo wopangira chimamutenga m'magazi, makamaka uja wotchedwa LDL amene amaunjikana m'mitsempha. N'chifukwa chake mu 1997 bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, linalola kuti pa mapaketi a oats pazilembedwa zoti angathandize kuchepetsa chiopsezo cha matenda a mtima. Mlingo wake ndi magalamu 3 a beta-glucan pa tsiku, amene mungawapeze mu oats osaphika pafupifupi magalamu 75.

Kumbali ya shuga, kunanda komweko kumachedwetsa chakudya kutuluka m'mimba, ndipo shuga amalowa m'magazi pang'onopang'ono m'malo mokhuthuka nthawi imodzi. Kwa munthu amene ali ndi mafuta ambiri pamimba izi n'zazikulu, chifukwa thupi lotere nthawi zambiri silimvera bwino insulini, imene thupi limapanga kuti itsitse shuga m'magazi, ndipo limayenera kupanga yochuluka kuti shuga atsike. Chakudya chikamalowa modekha, thupi limapepukidwa. Faiba akafika m'matumbo aakulu, mabakiteriya okhala mmenemo amamudya n'kutulutsa timafuta tina, monga butyrate, amene ndi chakudya cha maselo a m'matumbomo. Mabakiteriya omwewa ndi amene amatulutsa mpweya umene wakuvutitsani uja.

Umboni ulipo, ndipo si wochepa. Mu 2019 magazini ya zachipatala ya The Lancet inatulutsa ntchito ya Andrew Reynolds, Jim Mann ndi anzawo a ku yunivesite ya Otago ku New Zealand. Iwo anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 185 wotsatira anthu kwa zaka zambiri, ndi mayeso 58 opatsa anthu zakudya n'kuona zosintha. Anapeza kuti odya faiba wambiri, poyerekeza ndi odya wochepa kwambiri, chiopsezo chawo cha kumwalira msanga, matenda a mtima, sitiroko, matenda a shuga ndi khansa ya m'matumbo chinali chotsika ndi 15 mpaka 30 pa 100 alionse. Phindu linkaonekera bwino munthu akafika magalamu 25 mpaka 29 pa tsiku. Bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, limalimbikitsa akuluakulu kudya magalamu osachepera 25 pa tsiku ochokera m'zakudya, pamodzi ndi zipatso ndi masamba osachepera magalamu 400.

Chilungamo chake n'chakuti anthu odya faiba wambiri nthawi zambiri amakhalanso osasuta, oyenda kwambiri, osamala zina ndi zina, choncho si phindu lonselo limene tingalipereke kwa faiba yekha. Koma mayeso aja, amene sadalira khalidwe la munthu, anaonetsanso kolesitolo ndi BP zikutsika, ngakhale pang'ono.

Tsopano sikelo. M'mayeso omwewo, kulemera kwa thupi kunatsika ndi mlingo wosakwana kilogalamu imodzi. Ndi zimenezo basi. Aliyense wokuuzani kuti faiba amasungunula mafuta a pamimba akufuna ndalama zanu. Chimene faiba amachita n'kukukhutitsani msanga ndi kuchedwetsa njala, koma zimenezi zimathandiza pokhapokha akalowa m'malo mwa chakudya china. Mukawonjezera mbale ziwiri za nyemba pamwamba pa zonse zimene munkadya kale, mwangowonjezera chakudya. Ndikuganiza kuti apa ndi pamene panakupunthwitsani.

Pali kafukufuku wina amene ndikufuna mumudziwe chifukwa anachitika pa anthu ofanana ndi inu. Ku Finland anatenga anthu 522 onenepa, a zaka zapakati, amene shuga wawo anali pamalire. Gulu lina linathandizidwa kuchepetsa thupi ndi magawo 5 pa 100, kuchepetsa mafuta m'zakudya, kuwonjezera faiba, ndi kuchita zolimbitsa thupi mphindi 30 pa tsiku. Zotsatira zinatuluka mu 2001: chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 pa 100 alionse. Taonani kuchepa kwa zimene anapemphedwa. Kwa munthu wa makilogalamu 90, magawo 5 pa 100 ndi makilogalamu 4.5 okha. Simukufunika kubwerera ku thupi la utsikana wanu kuti magazi anu asinthe.

Ndiye magalamu 25 amaoneka bwanji pambale? Kapu imodzi ya nyemba kapena mphodza zophika ili ndi magalamu apakati pa 12 ndi 15, kutanthauza kuti theka la ulendo latha pomwepo. Apozi wapakatikati wodyedwa ndi khungu lake ali ndi pafupifupi 4. Lalanje lili ndi pafupifupi 3, koma mukalifinya n'kumwa madzi okha, faiba watsalira m'zotaya, inu mwamwa shuga. Kapu ya mpunga woyera wophika sifika ngakhale galamu imodzi, pamene wosapuntha gaga uli ndi pafupifupi 3. Oats magalamu 40 ali ndi 4. Choncho phala la oats m'mawa, theka la kapu ya nyemba ndi masamba ambiri masana, chipatso chamadzulo, buledi wa tirigu wosachotsa gaga m'malo mwa woyera, ndi kamtedza kodzaza chikhatho, mwafika popanda kugula chachilendo. Pa buledi chenjerani ndi mtundu: kuda kwake si umboni, ena amangomudetsa. Werengani pa pepala lake. Wokhala ndi magalamu 6 kapena kuposa pa magalamu 100 ndiye wa faiba wambiri.

Za kufufuma kwa mimba, musataye mtima. Mabakiteriya a m'matumbo amafuna nthawi kuti azolowere, ndipo inu munawathira ntchito ya mwezi pa tsiku limodzi. Bwererani pa masupuni atatu kapena anayi a nyemba, mukhale pamenepo masiku angapo, kenako muwonjezere. Nyemba zouma muziziviika usiku wonse, kutaya madziwo, n'kuphika ndi madzi atsopano mpaka zifeweretu. Za m'chitini muzizitsuka, zimachepetsanso mchere. Ndipo muzimwa madzi okwanira, chifukwa faiba wambiri popanda madzi angakudzimbitseni. Kwa anthu ambiri mpweya umachepa pakatha milungu ingapo. Koma mukaona magazi m'chimbudzi, kupweteka kosatha, kapena kuonda popanda chifukwa, zimenezo si za faiba, pitani kuchipatala.

Ufa wa pa intaneti uja, ambiri mwa iwo sindiwakhulupirira, makamaka olonjeza kutsuka m'mimba kapena kuphwetsa mimba m'sabata imodzi, chifukwa ena amasakanizamo mankhwala otsegula m'mimba. Umodzi umene uli ndi umboni wabwino ndi psyllium, ufa wa makoko a njere za chomera china, umene umatsitsadi LDL. Mukaufuna, muuze adokotala anu kaye, muumwe ndi tambula yodzaza madzi, ndipo mutalikitse nthawi yake ndi ya mapiritsi anu ndi maola angapo, poti ungalepheretse mankhwala ena kulowa bwino m'thupi. Ngakhale zili choncho, ufawo sungakupatseni potaziyamu (mchere wina wofunika m'thupi), mapuloteni ndi mavitamini amene ali mu nyemba ndi masamba. Mawu apadera kwa owerenga ena: ngati muli ndi vuto la impso, funsani kuchipatala musanachulukitse nyemba ndi zipatso chifukwa cha potaziyamu yemweyo, ndipo ngati mumabaya insulini, muziyeza shuga pafupipafupi mukasintha kadyedwe.

Funso lanu lomaliza ndi limene ndikuyankha mosazungulira: musasiye mapiritsi. Oats kapena psyllium amatsitsa LDL ndi magawo apakati pa 5 ndi 10 pa 100, pamene mapiritsi a mtundu wa statin amatha kumutsitsa ndi magawo 30 mpaka 50. Ziwirizi zimathandizana, china sichilowa m'malo mwa chinzake. Komanso kolesitolo wokwera samveka m'thupi, ndiye kumva bwino si chizindikiro choti watsika.

Chimene ndingakupempheni n'chakuti mupangane ndi adokotala anu tsiku lokayezetsanso pakatha miyezi itatu. Mupemphe kuti ayeze LDL, BP, ndi HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wakhala akuyendera m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Panyumba tengani tepi muyeze m'chiuno, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la chiuno, mulembe nambalayo lero. Cholinga n'chakuti chiuno chisafike theka la kutalika kwanu. Mukapita kokayezetsa, mutenge pepala la manambala akalewo kuti muwaike pambali pa atsopano, ndipo ngati pali zosintha pa mlingo wa mankhwala, adokotala asinthe ataona manambalawo.