Furnace ya aneba: tiiwerengere bwanji mtengo tisanasinthane?

Ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina wa ku Massachusetts, ku America. Akuti aneba awo aika heat pump (makina amagetsi otenthetsera nyumba), ndiye furnace yawo ya mafuta, ng'anjo imene ankatenthetsera nyumba, yangokhala m'basement, chipinda cha pansi pa nyumba. Anebawo akufuna kuwapatsa furnace imeneyo posinthana ndi makina ochotsera chipale chofewa, poti ya m'bale wathuyu yayamba kuvutavuta. Funso lawo ndi lakuti: "Ndingadziwe bwanji mtengo wake kuti pasakhale wodyera mnzake masuku pamutu?"

Achimwene, furnace ikangochotsedwa pamalo pake, mtengo wake umagwa kwambiri. Pa ndalama zimene anebawo analipira poigula, gawo lalikulu linapita kwa amisiri oiika, ndipo ndalama imeneyo siyenda nayo kubwera kwanu. Inu mudzalipiranso amisiri oimasula, oinyamula kukwera nayo masitepe, oilumikiza ku ma duct (mapaipi aakulu oyendamo mpweya), ku chumuni ndi ku thanki yanu. Ku Massachusetts ntchito imeneyi amagwira ndi mmisiri wa laisensi ya oil burner, ndipo pamafunika chilolezo cha ozimitsa moto a m'tawuni yanu. Mukaika nokha usiku ndi mnzanu wodziwa zamapaipi, tsiku la ngozi a inshuwalansi akhoza kukukanani. Warranty nayo musaiwerengere, nthawi zambiri siitsatira makina osamutsidwa.

Musanapite patali, tsimikizani kuti ndi furnace ndithu. Anthu kumeneko amatchula chilichonse cha m'basement kuti furnace, pomwe nyumba zambiri zakale za ku New England, chigawo chimene muli Massachusetts, zili ndi boiler, yotenthetsa madzi opita m'ma radiator. Furnace imatenthetsa mpweya n'kuwuzira m'ma duct. Ngati zanu ndi zawo zikusiyana, nkhani yathera pomwepo.

Zikafanana, tengani tochi mukaone kachitsulo kolembedwa kamene kamakhala pambali kapena kuseri kwa chitseko chake. Pamenepo pali dzina la kampani, model, serial number ndi ma BTU, muyeso wa kutentha kumene imatulutsa. Serial number imakuuzani chaka chimene inapangidwa. Furnace ya mafuta yosamalidwa bwino imatha zaka 20, ina kupitirirapo, choncho ya zaka 6 ndi ya zaka 18 si katundu mmodzi ngakhale penti ikuwala mofanana. Ma BTU afanane ndi kukula kwa nyumba yanu. Yaikulu mopitirira imangoyaka n'kuzima, kuyaka n'kuzima, kumwa mafuta ndi kudzaza mwaye. Onaninso AFUE: ikakhala 85, ndiye kuti pa madola 100 a mafuta, 85 ndi amene akutenthetsa nyumba, otsalawo akutuluka pachumuni. Zakalekale zina zimakhala pansi pa 70.

Koma mtima wa nkhani yonse ndi heat exchanger, chitsulo chimene chimalekanitsa moto ndi utsi ku mpweya umene ana anu akupuma. Chikachita mng'alu, carbon monoxide, mpweya wakupha, imalowa m'nyumba, ndipo imeneyo ilibe fungo. Zizindikiro zina mukhoza kuona nokha: dzimbiri lamamba mkati, mwaye wakuda pa timazenera totulukira mpweya m'zipinda za anebawo, lawi losintha mavinidwe fani ikangoyamba. Komabe maso anu sakwanira. Itanani mmisiri aiyeze ndi combustion analyzer, kachipangizo koyezera utsi, isanamasulidwe, idakali yolumikizidwa ndipo ikuyaka. Ikakhala kale pakona itamasulidwa, mukugula chinthu chimene palibe angakutsimikizireni. Heat exchanger ikakhala yong'aluka, furnace yonseyo ndi chitsulo cha sikirapu basi, ndipo musailandire ngakhale yaulere.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amaziiwala. Choyamba ndi burner, chipangizo chimene chimapopera mafuta n'kuwayatsa. Ngati ndi Beckett, Carlin kapena Riello yabwinobwino, ili ndi mtengo wakewake, ndipo ikafanana ndi yanu mukhoza kutenga yokhayo mukhale ndi sipeya. Mwinanso vuto la furnace yanu ndi nozzle (kakamwa kotulukira mafuta), fyuluta kapena cad cell (kadiso koona lawi) chabe, tinthu totchipa timene amationa kapena kutisintha pa sevisi ya pachaka. Mwafunsa kale? Chachiwiri ndi mafuta otsala m'thanki ya anebawo. Thanki yodziwika kwambiri kumeneko ndi ya magaloni 275. Ikakhala pa theka, chulukitsani magaloniwo ndi mtengo wa lero, mudzaona kuti mwina mafutawo akuposa furnace yakaleyo. Aipope ndi amisiri, ndipo asiye matope a pansi. Thanki yakaleyo isiyeni, imadyeka dzimbiri kuchokera mkati, ndipo mafuta akatayikira m'basement kuyeretsa kwake n'kolira.

Ndiye masamu ake ndi awa. Pemphani mitengo iwiri yolembedwa: woika furnace yatsopano yofanana nayo, ndi wosamutsa n'kuika ya anebayo. Kusiyana kwake ndiko denga la mtengo, ndipo muchotsepo malinga ndi zaka zimene yadya kale. Kenako yang'anani pa Facebook Marketplace ndi Craigslist, furnace ndi makina anu ochotsera chipale omwe, pokumbukira kuti mtengo wolembedwa si wogulitsira. Zambiri zimakhala pamenepo miyezi.

Kwa ine, ikakhala yosakwana zaka 10, mmisiri waivomereza, ndiponso mapepala a sevisi alipo, kusinthana n'koyenera. Ikapitirira 15, sungani makina anu, chipale chikubwera, mungokambirana za burner ndi mafuta. Ndipo poti awa ndi aneba amene mudzapatsana nawo moni m'mawa uliwonse, gwirizanani kaye amene alipire mmisiri woyezayo, mulembe papepala kuti aliyense watenga katundu mmene alili, nonse musainire.