Galu wothawa ndi kalulu

Mnyamata wina wa ku Malindi, m'boma la Mangochi, wandifunsa motere: "Agogo, ndili ndi galu wa miyezi 8. Fungo amalimva, liwiro ali nalo, koma akagwira kalulu amathawira naye pathengo n'kumudya yekha. Ndikamuitana sabwera. Akafika madzulo ndimam'kwapula kuti adziwe kulakwa kwake, koma sakusintha. Anzanga akuti ndizim'goneka ndi njala, kapena ndim'sakanizire mavu mu nsima kuti achenjere. Nditani?"

Mdzukulu wanga, yamba wataya mkwapulowo. Galu sasunga milandu ya m'mawa. Iwe ukum'menyera kalulu amene anadya dzuwa lisanafike paliwombo, koma iye akudziwa chimodzi chokha: ndafika pakhomo, ndamenyedwa. Wam'phunzitsa wekha kuti kubwera kwa iwe n'kowawa, ndipo waphunzira bwino. Ngakhale atakuchititsa manyazi chotani pamaso pa anzako, galu amene wabwera yekha samenyedwa.

Za kubweretsa nyama zisiye kaye. Choyamba ndi kubwera akaitanidwa. Akuluakulu anati mluzu wa agalu ndi umodzi, ndiye sankha mluzu wako umodzi, usamasinthesinthe, lero dzina, mawa kukuwa, mkuja kuwomba m'manja. Chakudya uzim'patsa iwe mwini, osati kusiyira amayi ako kapena ana kuti azim'ponyera mikute. Usanaike mbale pansi, imba mluzuwo. M'thumba la kabudula muzikhala tiusipa touma. Ukamuona akungoyendayenda pabwalo, imba mluzu. Akafika, kausipa kamodzi, kum'sisita pakhosi, kenako umusiye apite. Kum'siya apiteko n'kofunika, chifukwa mluzu ukamatanthauza kumangidwa nthawi zonse, adzayamba kuuzemba.

Zikatheka pakhomo, pita naye kumunda utam'manga chingwe chachitali, ngakhale chotsala cha asodzi kudooko. Ukaitana iye n'kunyozera, koka pang'onopang'ono mpaka afike, ndipo akafika alandirebe usipa wake. Masiku oyambawa usamuitane ali mkati mothamangitsa nkhwali, uku ukudziwa kuti sakumva. Mluzu woimbidwa pachabe umatha mphamvu.

Tsopano za kalulu. Tenga chikopa cha kalulu chouma, uchikulunge pa chitsononkho n'kumanga zolimba. Peza malo opanikizika, monga pakati pa nyumba ndi nkhokwe, poti galu alibe kothawira. Ponya pafupi. Akachitola usam'thamangire ayi, pakuti kwa galu kuthamangitsidwa ndi masewera okoma koposa. Bwerera m'mbuyo iweyo, unjute, uimbe mluzu. Akafika nacho usalimbane naye mokokana. Ika dzanja lamanzere pansi pa chibwano chake, lamanja lionetse usipa pamphuno, unene kuti "Siya!" Kukamwa kudzatseguka kokha, chikopa chidzagwera m'dzanja lako. Ponyanso kangapo, ndipo uleke iye akadafunabe. Chikopacho uchipachike patsindwi, chisakhale choseweretsa chake cha tsiku lonse. Akazolowera, uzichikoka pansi m'maudzu n'kuchibisa kuti achifune ndi mphuno. Pambuyo pake umuyese ndi kalulu weniweni amene wafa kale n'kuzizira, pakuti wofunda ndi wamagazi amam'yesa kwambiri galu wamng'ono.

Kutchire, gawo la galu ndi matumbo, monga ankachitira alenje akale pa uzimba. Koma azilandira kuchokera m'dzanja lako, nyama itafika kaye kwa iwe. Apa ndiye pamene malangizo a anzakowo agwera m'madzi. Galu wogona ndi njala akagwira kalulu, ungam'letse bwanji kudya? M'patse pang'ono musananyamuke. Za mavuzo ndi nkhanza chabe. Zimatupitsa kamwa ndi mphuno, zomwe ndi zida zake zantchito, ndipo galu wolusa sasaka bwino kuposa wofatsa. Amangoluma mbuzi za eni ndi ana a sukulu, iwe n'kumakhalira pabwalo la amfumu.

Ndikuuzenso zoona: agalu athu am'mudziwa ndi othamangitsa ndi kugwira. Kunyamula nyama mpaka kumapazi a mwini ndi khalidwe limene azungu anachita kusankhira mitundu ina, monga Labrador. Wako akakana kunyamula koma n'kumaima pa nyamayo osaidya mpaka iwe utafika, usadandaule, ameneyo ndi galu wabwino.

Sunandiuze ngati umapemphera kumzikiti kapena kutchalitchi, koma kwanuko anthu ambiri ndi Asilamu, ndipo nkhani ya galu amaidziwa mozama. Mashehe amaphunzitsa kuti nyama yogwidwa ndi galu wophunzitsidwa, amene mwini wam'tuma atatchula dzina la Allah, ndi yololedwa kudya. Ukaipeza ikadali moyo, uizinge. Koma galuyo akadyako, isiye, chifukwa wadzigwirira yekha, sanagwirire iwe. Ukuona kuti vuto lakoli anthu analiganizira kalekale. Kumbukiranso kuti kwa anansi akowo malovu a galu ndi odetsa. Galu wako asanyambite ziwiya za eni, asagone pamkeka wa pakhonde la munthu, asayandikire pamjigo amayi akutunga madzi. Ukakumana ndi akuluakulu panjira atavala mikanjo yawo kupita ku Juma, mapemphero a Lachisanu, muitane akhale pamwendo pako mpaka adutse. Mnyamata amene galu wake amamva mluzu sakangana ndi mudzi.

Galu sadziwa malire a boma. Pamwamba panupo pali nkhalango yotetezedwa ya Namizimu. Kummwera kuli Mangochi Forest Reserve, imene bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2018, moyandikana ndi Liwonde National Park yomwe linatenga mu 2015. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo pa nyama monga njovu, chipembere ndi ngaka munthu angathe kukhala kundende mpaka zaka 30. Ukapezeka mkati ndi agalu, sudzanena kuti ndimatsata galu wanga wosamva. Ngakhale kunja kwa nkhalangozo, si nyama iliyonse imene ungaphe popanda chiphaso, choncho funsa kaye a nthambi yoona za nyama zakutchire. Moto wa tchire pofuna kalulu mmodzi, umenewo ndiye usauyambe n'komwe.

M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala tuluka mbandakucha, ubwerere dzuwa lisanakalipe, ndipo nyamula madzi ake m'kabotolo. Galu waludzu amathamangira kumabango a m'mbali mwa Shire kapena Malombe, komwe ng'ona zimam'dikira.

Chomaliza, katemera wa chiwewe. Galu wosaka amakumana ndi nkhandwe ndi agalu osokera, ndiye chaka chilichonse azibayidwa, ndipo kapepala kake uzikasunga. Akadzaluma munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, n'kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti muone kaye ngati galuyo apenge. Ukakawaona alangizi a ziweto, uwafunsenso mankhwala a njoka zam'mimba ndi a nkhupakupa, chifukwa galu wa msinkhu umenewo amene amalusira chakudya chotero nthawi zambiri m'mimba mwake muli alendo.