Kwa mayi amene atopa ndi maphunziro a kuhotela

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wogwira ntchito za chitukuko kukhonsolo. Akuti abwana awo abwera ndi mawu atsopano, action learning, kutanthauza kuphunzira pofunsana ndi kuchitapo kanthu pa mavuto enieni a kuntchito, ndipo iwo akuopa kuti ndi zomwe zija: masiku atatu kunyanja, alawansi, kubwerako, makomiti a chitukuko a m'midzi (ma VDC) n'kukhalabe mmene analili. Akufunsa ngati zimathandizadi.

Mayi, mwandikhudza pachilonda. Ine ndinayang'anirapo alangizi a zaumoyo pachipatala china chaching'ono chakumudzi, komwe msewu umaduka mvula ikalimba. Chimene chinkatisowetsa tulo n'chakuti amayi oyembekezera ankayamba sikelo mochedwa, mimba ili kale ndi miyezi 6 kapena 7. Nkhani imeneyi ndinaipitira kumaphunziro katatu. Konse ankatiuza kuti anthu sadziwa, tikawaphunzitse. Tinaphunzitsa. Tinachita masewero pabwalo la mfumu, tinaimba nyimbo, tinamata zithunzi m'magolosale. M'kaundula simunasinthe kanthu, ndipo mumtima ndinayamba kuwaimba mlandu amayi aja kuti ndi osamva.

Kenaka namwino wina wachikulire amene anagwirapo ntchito ku Britain anatiitana anthu asanu ndi mmodzi ochokera m'zipatala zosiyana. Tinkakumana kamodzi pamwezi m'kalasi ya pulayimale ana ataweruka, aliyense atabwera ndi chimanga chake chootcha kapena mandasi. Lamulo lake linali limodzi: mnzathu akafotokoza vuto lake, ena tonse tizingofunsa mafunso, malangizo ayi. Tsiku langa litafika ndinalankhula nthawi yaitali za umbuli ndi miyambo. Nditamaliza, mnzanga wina anafunsa mofatsa kuti, "Achimwene, mayi akabwera kusikelo yekha, opanda bambo wakunyumba, pakhomo paja pamachitika chiyani?" Ndinalibe yankho. Zaka zonsezo ndinali ndisanakhalepo pakhomo paja m'mawa.

Lachiwiri lotsatira ndinakakhala pabenchi 7 koloko isanakwane. Obwera ndi amuna awo ankalowa poyamba. Panali mtsikana wina wovala chitenje chofwifwa, buku lake lakuchipatala atalikulunga m'jumbo ya shuga kuti lisanyowe. Anadikira mpaka dzuwa lili paliwombo, kenaka anauzidwa kuti akatenge kalata kwa amfumu yofotokoza chifukwa chake wabwera yekha. Nditamutsatira panja anandiuza kuti mwamuna wake ali ku Joni, ndipo kwa amfumu munthu sapita chimanjamanja. Anati adzabweranso akadzapeza kangachepe. Mfundo yolimbikitsa abambo kuperekeza akazi awo inali yabwino, koma ifeyo tinali titaisandutsa chipata chotseka. Zimenezi palibe mphunzitsi wa kuhotela akanandiuza, chifukwa pabenchi paja sanakhalepo.

Tinasiya kufuna makalata, tinasiya kubweza munthu. Mwezi wotsatira ndinakafotokoza kwa anzanga aja zimene ndinachita, iwo n'kundifunsanso mafunso ena, okhudza amayi amene amabisa mimba yaing'ono poopa anthu oipa mtima. Vuto limenelo sitinalimalize mpaka ndinachoka, koma tinayamba kulifunsa kwa eni ake.

Njira imeneyi ndiyo action learning ija, ndipo anaiyambitsa ndi Reg Revans, Mngelezi wobadwa mu 1907 yemwe anamwalira mu 2003. Ali mnyamata ankachita kafukufuku wa sayansi ku Cavendish Laboratory ku Cambridge, ndipo anaona kuti akatswiri a kumeneko akakumana ankauzana pamene zinthu zawakanika, osati kupikisana nzeru. Nkhondo itatha mu 1945 analowa ntchito ya maphunziro m'migodi ya malasha. M'malo motumiza mamanejala m'kalasi, ankawaika m'timagulu, n'kumayenderana m'migodi yawo ndi kufunsana. Cha m'ma 1965 anachita zomwezo ndi zipatala 10 za ku London, kumene madokotala, anamwino ndi oyendetsa zipatala ankafufuza okha mmene amalankhulirana. Iye ankati kuphunzira kuli ndi mbali ziwiri, nzeru zolembedwa kale ndi kufunsa mafunso, ndipo zinthu zikamasintha msanga mbali yachiwiriyi ndiyo imapulumutsa. Ankasiyanitsanso funso lokhala ndi yankho limodzi lodziwika, ngati kawerengedwe ka mankhwala, ndi vuto limene anthu anzeru angasiyane maganizo pa kalithetsedwe kake. Loyambalo itanani katswiri. Lachiwirilo ndi la kagulu. Makolo athu anatiuza kale kuti safunsa anadya phula, koma m'maofesi mwathu munthu wofunsa amaoneka ngati wosadziwa ntchito, kapenanso wamwano.

Apa ndinene mosabisa. Maphunziro ambiri amene timapitako m'boma si olakwika pa zimene amaphunzitsa, koma amachotsa munthu pamene pali vuto n'kukamuika pamene palibe amene adzamufunse mwezi wamawa kuti, "Zija munalonjeza zija, munachita?" Sindinyoza wogwira ntchito amene amadikira alawansi, chifukwa malipiro athu tonse tikuwadziwa, ndipo ine ana anga ena anaphunzira ndi ndalama zomwezo. Koma tisamanamizane kuti mudzi umasintha chifukwa tamata mapepala akuluakulu pakhoma la hotela. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'ono zinabwera mu 1998. Makomiti tili nawo, VDC, ADC (komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu), AEC (komiti ya alangizi a m'deralo), mpaka kukhonsolo. Chimene chikusowa ndi malo amene wapampando wa VDC anganene kuti "mjigo wathu wafa kachitatu ndipo sindikudziwa chifukwa chake" popanda kuopa kuti zikafika kwa a DC kapena kwa a gulupu.

Ndipo musalole kuti wina akuuzeni kuti izi n'zachizungu zokhazokha. Khadi loyezera ntchito za boma limene bungwe la CARE linayambitsa kuno ku Malawi mu 2002, lija anthu a m'mudzi ndi ogwira ntchito amakhala pamodzi kupereka mamalikesi n'kugwirizana zochita, ndi pachibale ndi zimenezi. Kusiyana kwake n'kwakuti m'kagulu ka Revans munthu aliyense amanyamula vuto lakelake, ndipo amabwererako mwezi ndi mwezi.

Nanga muyambe bwanji?

Pezani anzanu 5 kapena 6 ofuna okha, ochokera m'madera kapena m'nthambi zosiyana, wina wa ulimi, wina wa zaumoyo, wina wa m'komiti ya kumudzi. Bwana wa munthu asakhale m'kagulu kamodzi ndi wantchito wake, apo ayi onse adzangoti zonse zili bwino. Aliyense apatsidwe theka la ola, atchule chinthu chimodzi chimene akachite, ndipo mukakumananso muyambire pomwepo. Zonenedwa m'menemo zithere momwemo. Revans ankalimbikitsa kufunsa kuti ndani akulidziwa vutoli, ndani likumupweteka, ndani ali ndi mphamvu yochitapo kanthu. Mafunso atatuwa akukwanirani poyamba. Kwa abwana anu pemphani zinthu ziwiri zokha, tsiku limodzi pamwezi kwa miyezi 6 ndi mafuta a njinga yamoto. Akakuuzani kuti zonse zithera m'masiku atatu kunyanja, mayi, afunseni mwaulemu kuti tsiku lokumananso ndi liti.