Tenti yopepuka yokwera nayo phiri, yankho kwa achemwali a ku Matawale

Ndalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena a ku Matawale, dzina ndisunga poti sanandiuze kuti ndilitchule. Iwo ndi mnzawo wakuntchito akufuna kuyamba kumagona kuphiri, choyamba pa Zomba Plateau pompano kenako Mulanje mu Julayi, ndipo mlongo wawo amene ali ku Johannesburg wati awagulira tenti n'kuitumiza pa basi. Pa intaneti aona matenti osakwana 1 kilo, ena 2 kilo, ena mpaka 4 kilo, ndiye akufunsa kuti kodi angosankha yopepukitsitsa yomwe ndalama zingakwane basi?

Achemwali, ayi, musathamangire yopepukitsitsa. Kwa anthu awiri komanso mapiri athu ano ine ndimati pezani tenti ya nsalu ziwiri, yamkati ndi yophimba pamwamba, ya mapolo a aluminiyamu, yolemera pakati pa 1.8 ndi 2.5 kilo. Mukagawana, wina mapolo ndi zikhomo wina nsalu, aliyense wanyamula 1 kilo ndi pang'ono, ndiye ndi katundu woti mukwera naye Potato Path kuchokera m'tauni mpaka pamwamba osadandaula.

Chomwe chimavuta kuno si chipale ngati kunja, ndi chinyezi. Inu mukudziwa mmene phiri limakhalira chiperoni chikabwera, kuyambira cha m'ma Meyi mpaka Ogasiti, kamvula kowaza kosaleka, chifunga mpaka osaona mtengo uli patsogolo panu, nthawi zina masiku atatu osaona dzuwa. Tauni ya Zomba ili cha m'ma 900 mita, pamwamba pa Malumbe, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ndi 2,087 mita, ndipo pa 1,000 mita iliyonse yomwe mwakwera kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndiye usiku womwe kunyumba mukungofunda bulangete limodzi kumtunda kuja kumakhala kwina. Tsopano muli awiri m'katenti kotseka, mukupuma usiku onse, nthunzi ya mpweya wanu imakagunda nsalu yozizira n'kusanduka madontho. Matenti opepukitsitsa ambiri ndi a nsalu imodzi, ndiye madontho aja amakhala pomwepo pamwamba pa nkhope yanu, mphepo ikangogwedeza pang'ono akugwerani, mukakhudza khoma ndi sleeping bag, thumba lofunda logonamo lija, yanyowa. Ya nsalu ziwiri madontho amatsalira pa flysheet, nsalu yophimba pamwamba ija, n'kutsetserekera pansi panja, inu muli mkati mouma. Sleeping bag yonyowa mu Julayi ku Mulanje ndi chinthu choopsa, munthu amatha kuzizidwa mpaka thupi kulephera kudzitenthetsa lokha, ndiye magalamu 400 kapena 500 owonjezerawo musawaone ngati katundu wachabe.

Chinanso, yamkati ija imakhala ndi neti ndi pansi posokedwa limodzi, zipi mukatseka palibe cholowa. Pali anthu amakonda kugona pansi pa kansalu kokha kopanda pansi, ku maiko ozizira zimatheka, koma kuno linthumbu likadutsa usiku mudzathawa ndithu, ndipo tsiku lina mudzafuna kukagona ku Liwonde kapena kufupi ndi Nyanja ya Chilwa komwe udzudzu ndi wosayamba, malungo si ocheza nawo.

Tibwere pa manambala omwe mlongo wanu aziwaona m'shopu, chifukwa apa ndi pomwe anthu amapusitsidwa. Pa bokosi amalemba kulemera kuwiri, minimum weight kapena trail weight, ndi packed weight. Koyambako amawerengera nsalu ndi mapolo basi, zikhomo, zingwe ndi matumba ake osaphatikizapo, ndiye nambala imaoneka yokongola. Inu muziyang'ana packed weight chifukwa ndi yomwe ikhale kumsana kwanu.

Nambala ina ndi ya mm, imanena mphamvu ya nsalu pokana madzi. Pa flysheet 1,500 mm ndiye poyambira, koma mvula ya Zomba ya mu Januwale ndi Febuluwale mukuidziwa nokha, ine ndingakonde 2,000 mpaka 3,000 mm. Pansi pafunika yoposa apo, 3,000 mm kupita m'mwamba, chifukwa mukagwada bondo limapanikiza nsalu pa nthaka yonyowa ndipo madzi amalowera pomwepo. Koma nambala yokha siithandiza ngati misoko sinamatidwe, singano iliyonse inasiya kabowo, ndiye auzeni achimwene anuwo atembenuze flysheet aone ngati pamisoko pali katepi koonekera komatidwa mkati. Matenti ena a silikoni mbali zonse tepi siigwira, amafuna muzipaka nokha mankhwala omatira, ndipo mankhwala amenewo kuno simuwapeza wamba, ngati agula yotere atumizire limodzi kachubu kake.

Ndiye pali D, monga 15D, 20D, 40D, 68D, kumeneko ndi kukhuthala kwa ulusi. Nambala ikachepa nsalu ndi yopepuka koma yosachedwa kubooka. Ya 10D kapena 15D imafuna munthu wosamala kwambiri, ndipo pansi pa mapaini a kuphiri kwathu kuno pali timitengo ndi zitsa, ku Mulanje ndi miyala yokhakhala. 20D ndi yapakati yabwino, ndipo ngati pansi pake ndi 40D kapena kuposa ndiye bwino kwambiri. Mukhozanso kudula pepala la pulasitiki lakuda lija timagula ku hardware, n'kumayala pansi pa tenti, bola mulidule lochepera pang'ono kuposa tentiyo, likatulukira kunja limakolola mvula n'kuibweretsa pansi panu. Pa nkhani ya nayiloni ndi poliyesita, nayiloni ndi yolimba pa kulemera kwake koma ikanyowa imatamuka n'kulendewera, mumafunika kudzuka kukakokanso zingwe kuti isagunde yamkati. Poliyesita siitamuka kwambiri ndipo imapirira dzuwa bwinoko. Zonse zimagwira ntchito, sindingakukanizeni iliyonse. Za nsalu yopepuka kwambiri yotchedwa Dyneema zomwe mwaona zosakwana kilo zija ndi zabwino inde koma mtengo wake ndi woti mungagulire chikwama, nsapato ndi sleeping bag zonse pamodzi, kwa munthu woyamba kumene palibe chifukwa.

Mapolo ndiye ndimalimbikira kwambiri. Matenti otchipa ozungulira aja amagulitsa m'mashopu akuluakulu ambiri mapolo ake ndi a fibreglass, olemera, ndipo akathyoka amang'aluka ngati nsungwi, zingano zake n'kuboola nsalu. Aluminiyamu amapindika kaye asanathyoke, ndipo akathyoka mumavekapo kapaipi kakafupi kamene matenti abwino amabwera nako, n'kukulunga ndi tepi, mwagona. Mukaona palembedwa 7001 kapena 7075 kapena dzina la DAC, kampani yopanga mapolo, dziwani kuti ndi aluminiyamu wabwino. Ndipo sankhani yoti imaima yokha ndi mapolo ake ngakhale musanakhome zikhomo. Zilipo zina monga Lanshan zomwe zimaimikidwa ndi ndodo zoyendera, zopepuka zedi, koma mphamvu yake yonse ili pa zikhomo, tsono ku Mulanje malo ambiri dothi ndi lochepa, pansi pake mwala, chikhomo chimangolowa chala chimodzi n'kukana. Yoima yokha mumangomangirira zingwe ku miyala basi. Komabe zingwe zam'mbali zija muzimanga nthawi zonse ngakhale kukuoneka kwabata madzulo, mphepo ya kuphiri imayamba pakati pa usiku, ndipo tenti yosamangidwa bwino kaya ndi yodula bwanji imagona pansi.

Kukula kwake muonenso bwino. Akalemba kuti ya anthu awiri amatanthauza anthu awiri ogona mothinana, zambiri m'lifupi ndi 120 mpaka 130 cm, zina zimapanikiza kumiyendo. Ndi mnzanu wakuntchito mwina mungafune kadanga pang'ono, ndiye yang'anani ya makomo awiri, aliyense lake, ndi kakhonde mbali zonse koikapo chikwama ndi nsapato zamatope. Kudzuka usiku kupita panja osaponda mnzanu ndi chinthu chachikulu ndithu mukakhala kumeneko. Makomo awiri amathandizanso mpweya kudutsa, madontho aja amachepa. Ya anthu atatu imakoma kugonamo koma kilo yowonjezerayo mudzaimva pa mtunda wa ku Chambe ku Mulanje.

Mayina oti mlongo wanu ayambirepo, ku South Africa kuli Cape Union Mart omwe amagulitsa K-Way, kuli First Ascent, kulinso Decathlon ku Johannesburg komweko, onsewa ali ndi matenti a anthu oyenda ndi chikwama kumsana, angonena kuti akufuna ya hiking osati yopita nayo pa galimoto. Pa intaneti Naturehike ndi yomwe ambiri amayambira chifukwa mtengo wake ndi wofikirika, Cloud Up 2 yawo ndi yopepuka koma khomo ndi limodzi lakumutu, pomwe Mongar ili ndi makomo awiri. MSR Hubba Hubba ndi yotchuka dziko lonse koma ndi yodula kwambiri. Mitengo sindilemba chifukwa ndi mmene kwacha ikuyendera zomwe ndingalembe lero mwezi wamawa zikhala zabodza.

Ena owerenga ndikudziwa alibe m'bale ku Joni, iwo ndi kaunjika basi, ndipo matenti amapezeka ndithu nthawi zina mu msika wa Zomba kapena ku Limbe, ena amtundu wabwino zedi. Koma musalipire musanaitambasule yonse. Inunkhizeni, ikamatulutsa fungo lowawasa ndipo mkati mwa nsalu mukunyata kapena mukusupuka timamba toyera, ndiye kuti utoto woteteza madzi unatha, chinyezi chimaononga utoto umenewu ndipo siubwerera, isiyeni ngakhale atsitse mtengo. Werengani mapolo onse, kokani kalasitiki kamkati mwake muone ngati kakadali ndi mphamvu, tsegulani ndi kutseka zipi iliyonse, iyang'anitseni kudzuwa muone mabowo. Zipi yokha ikavuta atelala a mumsika amasintha, pa yamkati palibe vuto, koma pa flysheet kumbukirani kuti makina akasoka asiya mabowo atsopano ofunika kumata.

Pali china choti muganizire musanawononge ndalama zambiri chifukwa cha Mulanje. Kumeneko kuli nyumba zogona alendo pamwamba, Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo yomwe ili m'munsi mwa Sapitwa, Sombani, Chinzama, Madzeka, Minunu, ndi ina ya a CCAP ku Lichenya, iliyonse ili ndi mlonda wake ndi malo osonkhapo moto. Mumakonza za ulendo pa Likhubula pomwe mumapezanso okulondolerani njira ndi onyamula katundu. Ambiri okwera Sapitwa, 3,002 mita, sanyamula tenti n'komwe, amagona pa Chisepo n'kulawirira m'mamawa. Ndiye ngati cholinga chanu chachikulu chinali Mulanje yekha ndikanati ndalamazo ikani kaye pa sleeping bag yofunda, kamatiresi koyala pansi ndi jekete ya mvula. Tenti ikuthandizani nyumba zikadzaza nthawi ya tchuthi, kapena mukafuna kugona panokha pambali pa nyumbazo, komanso kuno kwathu ku Trout Farm ndi malo ena ogona a pa Plateau, ndi ku Nyika ngati mudzafike ku Chelinda komwe mu Juni ndi Julayi udzu umadzuka utachita chisanu choyera. Poti mwati mukufuna kumayenda kawirikawiri, gulani ndithu, kungoti musathere zonse pa tenti n'kupita ndi bulangete lopyapyala.

Ichi chokha ndikupemphani ndi mtima wonse achemwali, kaya kuzizire bwanji musalowetse mbaula kapena sitovu ya gasi m'tenti yotseka. Makala amatulutsa mpweya wa carbon monoxide wosaoneka, wosanunkha, munthu amangomva tulo n'kupitiratu, ndipo nsalu izi zikagwira moto zimasungunuka m'kanthawi kochepa. Phikirani panja. Zakudya musazisiye poyera kapena m'tenti mukachoka masana, anyani a pa Plateau amadziwa bwino kuti m'matumba mumakhala buledi ndipo nsalu ya 20D sangaivutikire.

Ikafika pa basi musadikire tsiku la ulendo, ikhomeni pabwalo kunyumba kawiri katatu mpaka muzitha kuimika mwachangu ngakhale kuli mdima, kenako wina alowe mkati wina athire madzi ndi keni yothirira dimba, makamaka pamisoko ndi pazipi, mukaona podontha mukonze mukadali kunyumba. Zikhomo zomwe zimabwera nayo nthawi zina ndi tiwaya topindika msanga, pemphani mlongo wanu awonjezere zingapo za aluminiyamu za mtundu wa Y kapena V, sizilemera. Ulendo woyamba kagoneni usiku umodzi pa Plateau pompa pomwe zikavuta m'mawa mutsika n'kufika kunyumba, muone ngati mukukwanamo awiri ndi zikwama zanu. Mukabwerako iyanikeni pamthunzi podutsa mphepo mpaka iume gwa musanaipinde, ngakhale ikuoneka youma, chifukwa kuno ku Zomba tenti yosungidwa yonyowa masiku ochepa okha yachita chuku, ndipo muziisunga momasuka m'thumba lalikulu ngati la pilo osati mothina m'kathumba kake kaja. Mundilemberenso mukadziwa mitundu yomwe achimwene anuwo aipeza m'shopu, munditumizire packed weight, ma mm ndi mtundu wa mapolo, tisankhe limodzi asanalipire.