Ntchito zimasowa motani chuma chikalowa pansi: yankho kwa achimwene a ku Chirimba

Achimwene, mwalemba kuti fakitale yomwe mumagwirako ntchito ku Chirimba yachepetsa antchito ndipo dzina lanu linali pamndandanda, ndiye mukufunsa ngati vutoli ndi la mu Blantyre mokha kapena ndi la dziko lonse, komanso ngati kuli bwino kusamukira ku Lilongwe kapena kungokwera basi ya kuJoni. Pepani kwambiri ndi zomwe zakuonekeranizi. Ine ndakhala zaka zambiri ndikukonza malipiro a antchito pa kampani ina, ndipo kawiri konse ndakhalapo m'chipinda momwe mayina a ochotsedwa amawerengedwa mmodzimmodzi, kotero nkhaniyi imandikhudza kwambiri.

Chinthu chomwe ndikufuna muchigwire ndi chakuti kuno kwathu chuma chikalowa pansi, ulova suonekera m'ziwerengero monga umaonekera kumaiko olemera. Kafukufuku wa anthu apantchito yemwe National Statistical Office idachita mu 2013 adapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse ogwira ntchito, pafupifupi 89 ali pa ntchito zosalembedwa m'kaundula aliyense, monga ulimi wa pakhomo, geni ndi maganyu. Dziko lino lilibenso thumba lolipira munthu amene ntchito yamuthera, longa UIF ya ku South Africa. Choncho wochotsedwa ntchito sangakhale pakhonde kudikira kuti zinthu zisinthe, chifukwa lendi ndi ufa sizidikira. Pomatha mwezi amakhala atayala kaunjika ku Limbe kapena atabwereka njinga yamoto n'kuyamba kabaza. Owerengera akamufunsa ngati wagwirapo ntchito sabata yathayi, iye amavomera, ndipo amalembedwa kuti ali pantchito. Ntchitoyo siyitha ayi, imangoonda.

Pa siteji yomwe ndimakwerera m'mawa, zaka zingapo zapitazo akabaza anali ochepa moti aliyense ndinkamudziwa dzina. Lero njinga zimandandalika mpaka kutseka khomo la golosale, ndipo mayi mmodzi akangotsika minibasi ndi chikwama chake, anyamata asanu amamuthamangira nthawi imodzi. Okwera sadachuluke. Mmodzi mwa anyamatawo ankayendetsa makina pafakitale ndipo ali ndi mapepala a TEVETA, koma tsopano amathera tsiku lonse padzuwa kufunafuna ndalama yopatsa mwini njinga, yotsalayo n'kugulira mafuta omwe nawonso adakwera mtengo. Ndalama yomwe kale ankagawana anthu ochepa, lero ikugawidwa pakati pa ambiri, ndipo umu ndi momwe kugwa kwa chuma kumaonekera pa msika wa ntchito wa Malawi.

Alipo ena amene angatsutse kuti chuma chathu sichidalowe pansi kwenikweni, poti sichidatsike kufika pansi pa ziro. Pa pepala akunena zoona. Koma mu 2020 ndi mu 2022 chuma cha dziko lino chidakula ndi zosakwana 1 peresenti, pamene chiwerengero cha anthu chimakula ndi zoposa 2.5 peresenti chaka chilichonse, kutanthauza kuti gawo la munthu aliyense lidachepa, uku achinyamata zikwizikwi akumaliza sukulu n'kulowa pamzere wofuna ntchito.

Kwa mafakitale ngati yanuyo, gwero lalikulu la vutoli ndi kusowa kwa ndalama zakunja. Pafupifupi fakitale iliyonse mu Blantyre imaitanitsa kunja zipangizo, mankhwala kapena zitsulo za makina, ndipo banki ikalephera kupereka madola, makina amaima ngakhale ogula katundu alipo. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, pomwe dola imodzi idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Pamwamba pa izi, namondwe Ana adaononga damu la Kapichira mu January 2022 ndipo dziko lidataya magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, zomwe zidapweteka owotcherera, ometa ndi eni zigayo kuposa makampani akuluakulu okhala ndi majenereta. Freddy atafika mu March 2023, adapeza chigawo cha kummwera chili kale chofooka.

Mwa zomwe ndaona ndi maso anga, kampani siyamba ndi kuchotsa antchito okhazikika. Imayamba kudula ovataimu, kenako imasiya kuitana aganyu omwe amadikira pageti m'mamawa, kenako makontirakiti akatha sawonjezeranso, ndipo wopuma kapena womwalira salowedwa m'malo. Pofika tsiku lowerenga mayina, ntchito zambiri zimakhala zitatha kale mwakachetechete. Amene amavulala kwambiri osaonekera paliponse ndi achinyamata ongomaliza maphunziro, chifukwa khomo limatsekedwa iwo asanalowe n'komwe, ndipo palibe mndandanda womwe umawatchula. Otsala pantchito nawonso sapulumuka: malipiro otsikitsitsa ovomerezeka adachoka pa K50,000 mu 2021 kufika pa K90,000 mu 2024, koma panthawi yomwe amakwezedwayo mitengo ya zinthu inali ikukwera ndi zoposa 30 peresenti pachaka.

Tsopano za kusiyana kwa madera, komwe ndi pamtima pa funso lanu. Blantyre amadalira mafakitale ndi malonda, n'chifukwa chake amamva msanga madola akasowa. Lilongwe amatsamira pa malipiro a boma, mabungwe othandizidwa ndi maiko akunja, fodya wa ku Kanengo ndi zomangamanga. Malipiro a boma sadukiza kawirikawiri, ndipo izi zimachititsa kuti mzindawo uoneke ngati uli ndi moyo, koma kulowa m'boma n'kovuta. Tonse tikudziwa aphunzitsi ndi anamwino omwe adamaliza maphunziro n'kudikira zaka asanalembedwe. Ngakhale ntchito zomwe tinkaziyesa zokhazikika zidagwedezeka: ADMARC idachotsa antchito ake zikwi zingapo pakati pa 2022 ndi 2023, ndipo boma la America litaimitsa thandizo lake lambiri kumayambiriro kwa 2025, ogwira ntchito m'mabungwe ambiri, makamaka a zaumoyo, adapezeka ali pakhomo. Munthu wodziwa makina ngati inu sindikuona kuti Lilongwe angakupatseni chomwe Blantyre wakumanani, pokhapokha ngati pali wina amene wakuitanirani ntchito yeniyeni.

Madera enawo aliyense ali ndi nthawi yake yolira. Kunyanja, ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, chaka chowawa chinali 2020, ndege zitaima chifukwa cha mliri wa COVID-19 ndipo malo ogona alendo atatumiza antchito kumudzi. Ku Thyolo ndi Mulanje ntchito ya tiyi imachuluka nyengo ya dzinja, pomwe ku Nchalo ndi Dwangwa kudula nzimbe kumachitika m'chilimwe. Ku Kasungu, Dowa ndi Mchinji ndalama imayenda msika wa fodya ukatsegulidwa, ndipo mmisiri wodziwa kukonza zigayo, mapampu kapena magalimoto amapeza zochita miyezi imeneyo. Ku Karonga adaphunzira mu 2014, mgodi wa Kayelekera utaimitsidwa chifukwa cha kutsika kwa mtengo wa uranium pa msika wa dziko lonse, kuti dera lodalira bwana mmodzi limagwa tsiku limodzi. Kumudzi, komwe ambiri timathawira, ganyu amatsika mtengo chaka cha njala chifukwa ofuna kulima m'munda mwa eni amachuluka kuposa olemba. Mu 2024 boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha ng'amba, ndipo chaka chotero munthu amapalira tsiku lonse kuti alandire kambale ka chimanga.

Za kuJoni ndilankhula mosabisa, chifukwa abale athu ambiri ali komweko ndipo ndalama zomwe amatumiza zamanga nyumba ku Mzimba ndi ku Mangochi. Vuto ndi lakuti chuma cha kumeneko chikagwa, chimagwa mwaphokoso. Mu 2020 chidatsika ndi pafupifupi 6 peresenti, ndipo pakati pa April ndi June chaka chimenecho ntchito 2.2 miliyoni zidatha. Chodabwitsa n'chakuti m'miyezi yomweyo chiwerengero cha ulova chidatsika kuchoka pa 30.1 kufika pa 23.3 peresenti, osati chifukwa anthu adapeza ntchito, koma chifukwa otsekeredwa m'nyumba ndi malamulo a COVID-19 sakadatha kufuna ntchito, ndiye sadawerengedwe ngati malova. Pofika kumapeto kwa 2021 chidakwera kufika pa 35.3 peresenti. Ichi chikuphunzitseni kusakhulupirira nambala imodzi yokha. Amalawi ambiri kumeneko amagwira ntchito za m'nyumba, za m'minda ya maluwa, za m'malesitilanti ndi zomanga, zomwe ndi zoyamba kutha, ndipo wopanda mapepala salandira kanthu ku UIF. Tikukumbukira mabasi omwe adalowera pa Mwanza mu May 2020 ndi abale athu omwe adasungidwa pa Kamuzu Stadium, ambiri atabwera chimanjamanja. Ndipo ntchito zikasowa, mkwiyo umagwera mlendo, monga zidachitikira mu 2008 pomwe anthu oposa 60 adaphedwa, komanso ku Durban mu 2015.

Ku Zambia nkhani imatsatira mkuwa. Mtengo wake utagwa mu 2008, mgodi wa ku Luanshya udatsekedwa ndipo tauni yonse idazizira mpaka kampani ya ku China itautenga mu 2009. Mu 2020 chuma cha dzikolo chidatsika ndi pafupifupi 2.8 peresenti ndipo mu November boma lidalephera kubweza ngongole yake ya kunja. Maiko a kuno kummwera kawirikawiri amadwala nthawi imodzi, n'chifukwa chake kudumpha malire pakokha sikuchiritsa.

Musanaganize za ulendo uliwonse, yambani mwaonetsetsa kuti mwalandira zanu zonse, poti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Malinga ndi Employment Act, wochotsedwa chifukwa cha kuchepetsa antchito amayenera kulandira malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira, masabata atatu pa chaka chilichonse kuyambira chachisanu ndi chimodzi kufika chakhumi, ndi masabata anayi pa chaka chilichonse chopitirira apo, kuphatikizapo za notisi ndi masiku a tchuthi omwe simudapume. Pitani ku kampani yosunga penshoni yanu mukafunse sitetimenti, muone ngati 10 peresenti ya abwana ndi 5 peresenti yanu zinkafikadi mwezi ndi mwezi, chifukwa makampani ovutika nthawi zambiri amayamba kutsalira m'mbuyo pamenepo. Tengani kalata yosonyeza zaka zomwe mwagwira ndi makina omwe mumayendetsa. Ngati mukuona kuti sadatsate chilungamo, lamulo limakupatsani miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti mukadandaule ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti la milandu ya zantchito, Industrial Relations Court. Mukalemba pano zaka zomwe mwagwira ndi malipiro anu omaliza, kapena kunditumizira kumbali ngati simukufuna kuti gulu lonse lione, ndikuthandizani kuwerengera kuti muyerekeze ndi zomwe zili pakalata yomwe akupatsaniyo.