Chikopa chanji chabwino popanga lamba wa wotchi?

Achimwene ena anditumizira imelo akuti ayamba kusoka malamba a wotchi koma amene apangawo akumatamuka komanso kununkha pakangotha miyezi yochepa, ndiye akufunsa kuti agule chikopa chanji, kapena angolimba mtima ndi cha ng'ona?

Achimwene, ng'ona isiyeni kaye. Ndi yodula, ukalakwitsa kudula ndalama yapita, ndipo kuigulitsa kunja pamafunika mapepala a CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zotetezedwa.

Zikopa zimafufutidwa njira ziwiri kwenikweni. Pali veg tan, chofufuta ndi makungwa amitengo kwa masabata angapo, chimakhala cholimbako, m'mbali mwake mumasalala bwino ukakhutiza, ndipo chimanka chikuderako mokongola ukamavala. Chrome tan amagwiritsa ntchito mankhwala, tsiku limodzi kapena awiri chatheka, ndi chofewa komanso madzi sichiwaopa kwambiri, koma m'mbalimo pamafunika penti. Poyambira ine ndimati veg tan wa ng'ombe, ngati Buttero wa ku Italy, kapena chikopa cha mbuzi chomwe ndi chopyapyala koma kung'ambika ayi.

Koma vuto lanulo ndikuona kuti lili pena. Mukudula pati? Chikopa cha kumimba chimatamuka basi, olo chikhale chodula bwanji, timabowo ta buckle timakula mpaka wotchi kumangozungulira pamkono. Dulani cha kumsana chakumbuyoku, motsata msanawo.

Kenako mkati, mbali yogunda khungu. Apa mpomwe ambiri amaika chilichonse poti sipaoneka, chonsecho thukuta lonse la mu Okutobala limathera pomwepo, ndipo veg tan wosapaka kanthu amangolimwa, nkuuma, fungo nkuyamba. Opanga malamba ambiri amaikamo Zermatt, mtundu wa chikopa wa fakitale ya Haas ku France chifukwa amapirira thukuta, mukalephera kumupeza pezani chrome tan wopyapyala amene sasuluka, muyeseni pomupukuta ndi kansalu koyera konyowa. Pamwamba pakhale pafupifupi 1.2 mm, mkati 0.6 mpaka 0.8 mm, mukamata ndi guluu zonse zizisewera pa 2 mm, apo bii lamba sapindika bwino pamkono.

Shell cordovan, mtundu wa chikopa wochokera kumatako a hatchi, amene a fakitale ya Horween ku Chicago amatenga miyezi 6 kumukonza, ngwabwino zedi koma mudzamugule dzanja likakhazikika. Pophunzirira tolani zikwama zakale pa kaunjika, bola muonetsetse kuti si bonded leather, zija zophwanyaphwanya nkumata ndi guluu zomwe zimasupuka mukangozipinda kangapo.