Amalume, chaja ija asagule kaye

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko ku Bembeke? Azakhali adzuka bwanji ndi mwendo uja? Kuno kuboma tili bwino, kungoti chisanu cha June chino chatigwira zedi. Voisi yanu ndaimva, ndipo ndati ndiyankhire pagulu pompano kuti asuweni a ku Joni amvere limodzi, poti ndalama ikutuluka m'thumba mwawo.

Mwati asuweniwo apeza chaja yongosanjikapo foni, ija amati ya wireless, pabokosi palembedwa mawati 15. Akufuna akutumizireni chifukwa foni yanu yayamba kuvuta pobayira, mpaka muchite kupinda chingwe n'kutsamiza kapu kuti moto ulowe. Ndiye mukufunsa ngati igwire pa yanuyo ndi pa ya azakhali, komanso ngati ndi zoona kuti imadzaza msanga kuposa yachingwe.

Amalume, pa yanu sigwira. Olo muisanjike kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, moto sukwera ngakhale pang'ono. Pa ya azakhali igwira, koma mwapang'onopang'ono. Ndiye asuweni, ngati mukumva, ndalamayo muigwire kaye m'manja ndifotokoze.

Nkhani yonse yagona m'kati mwa foni. Ukatsegula chakumbuyo cha foni yomwe imalola wireless, pamwamba pa batire umapeza kachinthu kakuda kopyapyala kwambiri. Ukakayang'anitsitsa umaona timawaya ta kopa tazungulirazungulira mothithikana. Ife okonza mafoni pa benchi timati koyilo. M'kambale kochajira kaja mulinso koyilo ina. Magetsi akamayenda mu koyilo ya m'kambale pamabadwa mphamvu ya maginito, ndipo mphamvu imeneyo ndi imene imadzutsa magetsi mu koyilo ya m'foni, n'kuwatsitsira ku batire. Ziwirizi ziyenera kuyandikana kwenikweni, mpata wake ndi mamilimita ochepa basi. Tsono foni yanu ija ndi Samsung Galaxy A14, ndipo yamtundu umenewo m'kati mwake mulibe koyilo. Si kuti munagula yabodza ayi, anaipanga choncho kuti mtengo utsike. Palibe batani loti ndikadine kapena pulogalamu yoti ndikuikireni kuti iyambe kulola. Chomwe mulibe, mulibe.

Ndipo si inu nokha. Mafoni ambiri omwe timagwira kuno, ma itel, ma Tecno, ma Samsung oyamba ndi A, alibe koyilo. Kwa Samsung imapezeka kawirikawiri mu zodula zija zoyamba ndi S, kuyambira Galaxy S6 ya 2015, ndi ma Note omwe anabwera pambuyo pake. Kwa iPhone inayamba mu 2017 ndi iPhone 8 ndi iPhone X. Amene ali ndi 7 kapena 6 asavutike, poti kumbuyo kwake ndi kwachitsulo ndipo chitsulo chimatchinga mphamvu ija. N'chifukwa chake mafoni a wireless kumbuyo kwake kumakhala kwa galasi kapena pulasitiki. Ma Infinix ena atsopano, monga Note 40 Pro, anawaikira, koma ndi owerengeka. Amene ali ndi Samsung pagulu pano ndipo akukayika, alowe mu Settings pa mbali ya batire. Akaona mawu oti Fast wireless charging, ndiye kuti koyilo ilimo.

Chinanso chimene ndikufuna mumvetse, amalume, chifukwa m'voisi mwanu munanena kuti mwina ikuthandizani magetsi akazima. Kambale kaja sikapanga moto pakokha. Kali ndi chingwe chake, chingwecho chimalowa m'mutu wa chaja, mutuwo pa soketi. Chachotsedwa ndi kubaya pafoni kokha. Magetsi akapita, nako kagona.

Tsopano za ya azakhali. Ija ndi iPhone 11, koyilo ilimo, ndipo imatsata muyezo womwe makampani ambiri anagwirizana, wotchedwa Qi. Bungwe lake ndi Wireless Power Consortium, linayamba mu 2008. Ubwino wa Qi ndi wakuti kambale ka kampani ina kamachaja foni ya kampani ina popanda kukanana. Asuweni, chizindikiro chimenecho muchiyang'ane pabokosi. Koma kugwirizana ndi nkhani ina, liwiro ndi nkhani inanso. Mawati 15 alembedwawo ndi malire a kambaleko, si lonjezo kwa foni iliyonse. iPhone 11 pa Qi imalandira mawati 7.5, pamenepo ndiye pothera, olo kambale katakhala ka mawati angati. Pomwe foni yomweyo mukaibaya ndi mutu wa mawati 18 kapena 20 ndi chingwe chake choyenera, imafika theka m'mphindi pafupifupi 30. Mukuona kusiyana kwake? Amene anakuuzani kuti wireless imathamanga kuposa chingwe sananene zoona.

Pepani pang'ono, kasitomala... eya, ibwereni madzulo, ikhala itatha. Ndabwera, amalume.

Ndimanena za liwiro. Pali zinthu zitatu zomwe zimagwira ntchito limodzi: mutu wa chaja, kambale, ndi foni. Chofooka pa zitatuzo ndi chimene chimalamula. Anthu ambiri amaiwala mutu. Amagula kambale kabwino n'kukalumikiza pa kamutu kakale ka foni yamabatani, kenako n'kumati kambale ndi kachinyengo. Ayi, kuti kafike pa mawati 10 kapena 15 kamafuna mutu wa fast charging womwe umatha kukwera kufika mavoti 9. Mukakapatsa mutu wamba wa mavoti 5, kamatsikira pa mawati 5. Batire lalikulu ngati lanu la 5000 mAh, mutalipatsa mawati 5 okha, masamu ake amapitirira maola 4 kuti lidzaze.

Ndiye palinso khalidwe la makampaniwa, aliyense amakondera zake. Samsung zapamwamba zambiri zimafika mawati 15, koma nthawi zambiri pa kambale kodziwa chinenero cha Samsung. Pa kena zimatsika. Ma Xiaomi, ma OnePlus ndi ma Huawei ena amalengeza mawati 50, ndipo amafikadi, koma pa choikira chawo chomwe. Mukawasanjika pa kambale wamba amayenda ngati ena onse. Apple mu 2020 inabweretsa MagSafe pa iPhone 12, inaika timaginito tozungulira kumbuyo kuti foni izidzikokera yokha pamalo oyenera, ndipo inafika mawati 15. Nzeru imeneyo ndi imene inalowa mu muyezo watsopano wa Qi2 mu 2023. Ya azakhali inatuluka mu 2019, timaginito timeneto ilibe. Ndiye asuweni akaona yolembedwa MagSafe kapena Qi2 n'kuwonjezera ndalama, azakhali sapindulapo kanthu.

Za maginitozi musazione ngati zokongoletsa. Vuto lalikulu la kambale wamba ndi kusanjika. Zili ngati mphika pa mafuwa: ukakhala chambali, moto umathawira kunja, nkhuni zikutha koma madzi osawira. Foni ikasuntha pang'ono chabe, koyilo ziwiri zija zimaphonyana, liwiro limatsika, kutentha kumakwera, nthawi zina imasiyiratu. Munthu amagona akuti foni ikudzaza, usiku yalira n'kunjenjemera n'kutsetserekera pambali, kapena mdzukulu wagunda tebulo, m'mawa n'kupeza ili pomwe inali. Ndi adzukulu omwe adzaza pakhomo panu paja, ndikudziwa kuti zimenezi zizichitika.

Koma chimene chandichititsa kuti ndilankhule motalika chonchi ndi sola yanu. Ngakhale foni itakhala pakati penipeni, wireless imataya gawo lina la moto. Silifika ku batire, limasanduka kutentha, n'chifukwa chake foni imafunda mukaichotsa pa kambale. Kwa munthu wa m'tauni wokhala ndi magetsi usana ndi usiku, zimenezo saziona. Inu mumadalira kasola kaja, ndipo miyezi ino ya June ndi July ku Bembeke kumacha ndi chifunga, dzuwa n'kutuluka mochedwa, batire la sola osadzaza. Moto womwewo ukufunika pa mababu, pa wailesi, pa mafoni awiri. Zindipweteka ine kuona moto wovutikira chonchi ukuthera kufunditsa kambale. Komanso timabowo ta USB ta pa masola ang'onoang'ono timatulutsa mavoti 5 basi, ndiye ngakhale ya azakhali ija sifika n'komwe pa 7.5 paja. Ndipo tsiku lomwe muli kuboma kuno magetsi abwera kwa kanthawi, chimene mukufuna ndi kukokera moto wambiri m'nthawi yochepa asanapitenso. Ntchito imeneyo ndi ya chingwe.

Kutentha kuja kulinso ndi mbali ina. Batire la foni silikondana ndi kutentha, limakalamba msanga. Foni ikamva kuti yafunda imachepetsa yokha liwiro, ndipo iPhone imatha kuima pa 80 peresenti mpaka izizire. Kwathu kumtunda kuno nyengo imatithandiza. Koma achemwali a ku Golomoti ndi a ku Mtakataka, mu October muja m'nyumba yamalata, mukadzakhala ndi kambale musamakaike pawindo pomwe pakuwomba dzuwa.

Ndiye pali chizolowezi chathu chija choika zinthu m'kava. Pafupifupi foni iliyonse yomwe imabwera pa benchi, ndikavula kava ndimapeza chiphaso cha unzika, khadi ya kubanki, ndalama yopindidwa, nthawi zina kakobiri. Azakhali ndinaona amatero. Pa wireless zimenezo zichoke. Chitsulo chilichonse chikakhala pakati chimatentha, ndipo makadi atha kuwonongeka. Kambale kabwino kamazindikira kuti pali chachilendo, kamasiya kuchaja, kagetsi kake n'kumaphethira. Zotchipa zopanda dzina zija sindizikhulupirira pa zimenezi. Kava wokhuthala kwambiri, kapena wokhala ndi mphete yachitsulo yogwirira chala, nayenso amatchinga.

Mwina wina pagulu pano anena kuti pali timapepala tija togulitsa padera, tomata kumbuyo kwa foni yopanda koyilo. Tilipodi. Koma kamchira kake kamalowa pobayira pomwepo, ndipo panu ndi pomwe pakuvutapo. Kuwonjezera apo timayenda pa mawati 5, timafunditsa foni, ndipo pobayira pamakhala potsekeka nthawi zonse. Musatayirepo ndalama.

Sindikunyoza wireless ayi, ili ndi malo ake. Munthu wa iPhone kapena Samsung S yemwe pobayira pafa ndipo sanapeze ndalama yokonzetsa, kambale kamamupulumutsa. Foni ikanyowa ndi mvula n'kukana chingwe, ukapukuta kumbuyo bwinobwino kambale kamachaja. Kwa azakhali, ndi maso aja, kusanjika usiku n'kosavuta kusiyana ndi kufufuza kabowo mumdima, ndipo pobayira sipakutha. Akanakhala ndi magetsi okhazikika ndikanati asuweni agule. Pa sola, mtima wanga ukukana.

Tsono vuto lanu lenileni, amalume, ndi pobayira paja, ndipo nthawi zambiri si lalikulu. Foni imakhala m'thumba la jekete, mumapita nayo kudimba la mbatatesi, kumsika, kuchigayo. Fumbi, timaulusi ta m'thumba ndi gaga zimalowa m'kabowo, ndipo nthawi iliyonse mukabaya chingwe mumazikanikizira m'kati mpaka zimauma gwa. Ndikamazitulutsa zimatuluka kachibulumwa kotuwa, mwini wake n'kudabwa kuti zonsezo zinakwana bwanji mmenemo. Zikatero chingwe sichifika kumapeto, n'chifukwa chake chimagwedera. Mwinanso ndi chingwe chomwe chathyokera m'kati ndi kupindapinda kuja. Zikakhala kuti pobayirapo pathadi, pa A14 pamakhala pa kabolodi kakang'ono kapansi kosiyana ndi bolodi yaikulu, timangosintha kameneko. Koma chonde musatokose ndi singano kapena waya. M'katikati mwa kabowo muli kalilime kopyapyala kokhala ndi timapini, kakathyoka ntchito imakula. Ndipo kutsamiza kapu kuja musiye lero lomwe, kukungowonjezera kugwedera.

Asuweni, ngati mukufuna kuwasangalatsa makolo, ndalama yomweyo gulani izi. Kwa amalume, mutu weniweni wa fast charging ndi chingwe cholimba cha Type-C. A14 imalandira mpaka mawati 15 pachingwe, ndiye musavutike ndi ya 45 kapena 65. Kwa azakhali, mutu wa mawati 20 ndi chingwe cha Type-C mbali ina, Lightning mbali inayo. Ikatsalako, power bank yabwino iwathandiza kwambiri masiku a chifunga. Mukumbukirenso kuti mapini a kumeneko ndi obulungira pomwe masoketi athu ndi a mapini atatu amakona, ndiye muikemo adaputala, apo ayi mitu tidzagula konkuno inu mutumize zingwe ndi power bank. Musanalipire mujambule kumbuyo kwa bokosi, pomwe pali timalemba ting'onoting'ono ta mavoti ndi mawati, muponye pagulu pano ndione.

Amalume, mukamabwera kuboma sabata ino mutenge foniyo pamodzi ndi chingwe ndi mutu womwe mukugwiritsa ntchito panopa, ndidzayese zonse zitatu. Mukalephera kubwera, mupatsire mwana aliyense wobwera kuno, koma muchotse kaye simu poti muli ndalama zanu za mbatatesi. Mupereke moni kwa azakhali ndi ana onse. Zikomo.